Kodi OK, Apply ndi Cancel ayenera kuchita chiyani pa zenera la makonzedwe?

Funso: Ndikulemba pulogalamu ya pa kompyuta yosungira kaundula wa katundu, ndipo ili ndi zenera losinthira makonzedwe lomwe lili ndi masamba anayi. Pansi pake ndinaika mabatani atatu, OK, Cancel ndi Apply, chifukwa ndi omwe ndakhala ndikuwaona m'mapulogalamu ena. Tsopano anthu amene akuiyesa akudandaula kuti akadina Apply kenako n'kudina Cancel, zinthu sizibwerera mmene zinalili. Mnzanga wina akuti ndichotse mabatani onsewo kuti chilichonse chizisintha pompopompo ngati pa foni. Kodi batani lililonse liyenera kuchita chiyani kwenikweni, ndipo kodi mnzangayo akunena zoona?

Yankho: Anthu amene akuyesa pulogalamu yanu sakulakwa podandaula, ngakhale kuti pulogalamuyo ikuchita ndendende zimene mazenera otere akhala akuchita pa Windows kuyambira m'masiku a Windows 95. Mnzanuyo nayenso ali ndi mfundo, kungoti mankhwala amene akupereka amachiza matenda ena n'kusiya ena. Gwero la nkhani yonseyi ndi lakuti pali njira ziwiri zoyendetsera zenera la makonzedwe. Pa njira yoyamba, zonse zimene munthu akusintha zimakhala zongodikira mpaka iye mwini atadina batani lovomereza. Pa njira yachiwiri, chilichonse chimayamba kugwira ntchito nthawi yomwe chakhudzidwa, ndipo palibe batani lovomereza. Njira zonse ziwirizi ndi zabwino, koma munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu ayenera kudziwa mosakayika kuti ali pa njira iti, chifukwa batani lililonse limamulonjeza kanthu, ndipo Cancel amalonjeza chinthu chachikulu kuposa onse, chomwe ndi chakuti palibe chimene chachitika. Batani la Apply ndi lomwe limasokoneza lonjezo limeneli, n'chifukwa chake madandaulo anu akuchokera pomwepo.

Tiyambe ndi njira yoyamba, popeza ndi imene mwatsata kale. Zenera likamatseguka, pulogalamu itenge makonzedwe onse omwe alipo n'kupanga kope lawo, ndipo masamba anu anayi aja azilemba m'kope limeneli lokha. Munthu akachonga kabokosi, akasankha china pa mndandanda kapena akalemba nambala, pulogalamu yeniyeni isamve kanthu. Akadina OK, pulogalamu iyambe yaona ngati zonse zolembedwa zili zomveka, kenako isunge kope lonse kuti likhale makonzedwe atsopano, n'kutseka zenera. Akadina Cancel, kope lija litayidwe ndipo zenera litsekeke popanda funso lililonse, chifukwa munthu amene wadina Cancel wanena kale maganizo ake. Kabatani ka X kapamwamba paja komanso kiyi ya Esc zizichita zofanana ndi Cancel. Ndimaona mapulogalamu ambiri olembedwa mofulumira omwe amalemba chosintha chilichonse mwachindunji mu fayilo ya makonzedwe, kenako Cancel n'kungotseka zenera basi, ndipo Cancel wotereyu ndi wonama. Ngati pulogalamu yanu ili chomwechi, konzani zimenezi musanaganizire n'komwe za Apply.

Apply ndi OK amene satseka zenera. Ayenera kuyamba ali wozimitsidwa, wotuwa uja, n'kuyaka pokhapokha munthu akasintha kanthu, ndipo akadinidwa azimenso mpaka pachitike kusintha kwina. Kuyaka ndi kuzima kumeneku si kongoletsa chabe, ndi njira yokhayo imene munthu amadziwira ngati pali zinthu zimene sizinasungidwe. Lamulo la pa Windows ndi lakuti Cancel amataya zokhazo zimene zasinthidwa kuchokera pamene Apply anadinidwa komaliza, ndipo zimene Apply anasunga zimakhala zosungidwa. Anthu a ku Microsoft ankadziwa kuti izi zimasokoneza, moti m'zida zawo zolembera mazenera a masamba ambiri anaikamo uthenga wapadera umene pulogalamu imatumiza ikachita chinthu chosabwezeka, ndipo uthengawo umazimitsa Cancel n'kusintha mawu a pa OK kukhala Close. Mungatengere nzeru yomweyi m'njira yosavuta. Munthu akangodina Apply, ndipo palibenso chimene chikudikira, mawu a pa Cancel asinthe akhale Close, kapena Tsekani ngati pulogalamu yanu ili m'chilankhulo chathu. Akasinthanso kanthu kena, mawuwo abwerere pa Cancel. Mukatero batani silikulonjezanso chinthu chimene silingachite, ndipo madandaulo ambiri amatha ndi kusintha kwa mizere yochepa chabe.

Mwina mwaganizapo kale zoti musunge kope lachiwiri la mmene zinthu zinalili pamene zenera linkatseguka, kuti Cancel azibweza zonse ngakhale Apply atadinidwa. Sindikulimbikitsani kutero. Anthu amene anazolowera Windows amadina Apply kenako Cancel ali ndi chikhulupiriro chakuti zimene anasunga zakhazikika, ndipo iwowa ndi amene mudzayambe kuwakhumudwitsa. Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti zinthu zina sizibwezeka bwinobwino. Tiyerekeze kuti munthu wasintha foda yosungira kaundula wa katundu, wadina Apply, ndipo pulogalamu yasamutsa mafayilo kupita ku foda yatsopano, mwinanso mnzake wa pa kompyuta ina walembamo kale katundu amene wangofika. Kuti Cancel abweze zimenezi afunika kusamutsanso mafayilo mobisa, munthu akuganiza kuti akungotseka zenera. Batani limene limagwira ntchito yaikulu chotere mwakachetechete ndi loopsa kuposa limene anthu anu akudandaula nalo.

Funso limene ndikufuna mudzifunse ndi lakuti Apply akufunika chifukwa chiyani pa zenera lanu. Batani limeneli linabwera kuti munthu athe kuona zotsatira asanatseke zenera, monga posintha mitundu, kukula kwa zilembo kapena liwiro la mausi, pamene munthu amayesa, kuona, n'kuyesanso. Ngati m'masamba anu anayi mulibe chinthu chimene munthu afunika kuchiona ndi maso asanatsimikize, chotsani Apply n'kusiya OK ndi Cancel, ndipo vuto lanu lithera pomwepo. Ngati chilipo, kawirikawiri kachithunzi kakang'ono koonetsa mmene zinthu zidzaonekere, koikidwa m'kati mwa zenera lomwelo, kamagwira ntchito imeneyi bwino kuposa Apply. Ndakhalapo pambali pa anthu ambiri akugwiritsa ntchito mazenera otere, ndipo chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti ochuluka amadina Apply kenako n'kudina OK nthawi zonse, ngakhale atasintha kabokosi kamodzi kokha. Mukawafunsa amati akufuna kuti zitsimikizike. Izi zikusonyeza kuti kupezeka kwa Apply kwawachititsa kukayikira OK, ngati kuti OK payekha sasunga kanthu, ndipo batani limene limachotsera linzake ulemu chotere liyenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhalira pamenepo.

Popeza zenera lanu lili ndi masamba angapo, pali misampha ina imene muyenera kuipewa, ndipo ndi imene imagwira ngakhale olemba mapulogalamu odziwa ntchito. OK, Cancel ndi Apply ndi a zenera lonse, osati a tsamba limene likuoneka lokha, n'chifukwa chake amaikidwa kunja kwa masamba, pansi penipeni. Kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina kusasunge kanthu ndiponso kusataye kanthu. Msampha waukulu uli pa timazenera tam'kati. Tinene kuti pa tsamba lachitatu pali batani lotsegula kazenera kena kosinthira mmene malipoti amasindikizidwira, ndipo kazenerako kali ndi OK ndi Cancel wake. Munthu wasintha kukula kwa pepala, wadina OK pa kazenerako, wabwerera pa zenera lalikulu, kenako wasintha maganizo n'kudina Cancel. Iye akuyembekezera kuti pepala labwerera mmene linalili, ndipo ali ndi ufulu woyembekezera zimenezo. Choncho OK wa kazenera kakang'ono alembe m'kope la zenera lalikulu lija, osati mu fayilo, kenako ayatse Apply wa zenera lalikulu ngati mwamusiya. Chimodzimodzinso batani lobwezera zonse mmene zinabwerera kuchokera kwa wopanga, lingodzaza kope ndi makonzedwe oyambirira n'kusiya munthu aone, avomereze kapena akane. Pali mabatani ena amene mwachibadwa chawo amachita kanthu nthawi yomweyo, monga lofufuta mbiri ya zimene munthu anasaka kapena loyesa ngati pulinta ikuyankha. Amenewa alembedwe ndi mneni womveka, monga Fufutani mbiri tsopano, kuti mawu oti tsopano amuuze munthu kuti Cancel sadzafika kumeneko.

OK asatseke zenera ngati china chalakwika. Munthu akalemba zilembo pamalo ofuna nambala pa tsamba lachiwiri, iye ali pa tsamba lachinayi n'kudina OK, pulogalamu imubweze pa tsamba lachiwiri, iike kesa, kamzere kosonyeza polembera kaja, m'bokosi lolakwikalo ndipo imuuze pambali pake chimene chikufunika, zina zonse zimene analemba zili chikhalire. Pasasungidwe theka la zosintha n'kusiya theka lina, chifukwa munthuyo akadina Cancel pambuyo pa uthenga wa cholakwika adzaganiza kuti palibe chasintha. Ngakhale polemba fayilo yeniyeniyo, njira yodalirika ndi kulemba zonse mu fayilo yongoyembekezera kenako n'kuisintha dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale, kuti magetsi akazima pakati pa ntchito pasatsale fayilo yoduka. Ngati kusungako kukutenga nthawi, zimitsani OK kuti asadinidwe kawiri ndipo onetsani kuti ntchito ili m'kati, ndipo kukalephereka nenani momveka zenera likadali lotseguka.

Tsopano tibwere pa maganizo a mnzanu. Njira yosintha pompopompo si ya pa foni pokha, ndipo si yachilendo. Makompyuta a Apple akhala akuitsata kwa nthawi yaitali m'mazenera awo ambiri a makonzedwe, ndipo anthu opanga GNOME, pulogalamu yoyendetsa mazenera ndi maonekedwe a pa sikirini pa makompyuta a Linux, anaiika m'malangizo awo kuyambira mu 2002, pamene GNOME 2 inkatuluka. Microsoft inayamba kulowera komweko ndi Windows 8 mu 2012, ndipo pulogalamu ya Settings ya mu Windows 10 ndi Windows 11 imasintha zinthu zambiri popanda OK, ngakhale kuti mukalowa m'kati kwambiri mumapezabe mazenera akale aja a mabatani atatu. Firefox, burawuza yotsegulira masamba a pa intaneti, ndi chitsanzo chabwino cha mmene nkhaniyi inavutira anthu: kwa zaka zambiri zenera lake la makonzedwe linali ndi OK ndi Cancel pa Windows koma linkasintha pompopompo pa Mac ndi pa Linux, mpaka mu 2015 pamene makonzedwewo anasamutsidwira pa tsamba la m'kati mwa burawuza ndipo njira yosintha pompopompo inakhala ya onse. Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Munthu saiwala kusunga, amaona zotsatira nthawi yomweyo, ndipo safunika kumvetsa kusiyana kwa mabatani atatu.

Koma njirayi imayenda bwino pokhapokha chosinthacho chikakhala chofulumira, chobwezeka mosavuta, komanso choima pachokha. Akatswiri a ntchito imeneyi, kuphatikizapo Jakob Nielsen, akhala akunena kuti chinthu chochitika m'kati mwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi chimaoneka ngati chachitika nthawi yomweyo, ndipo chofika sekondi imodzi munthu amachipirira osataya maganizo ake. Kuyatsa maonekedwe akuda kapena kuzimitsa phokoso la pulogalamu kumalowa bwino m'muyeso umenewu, ndipo munthu akalakwitsa amangodinanso swichi yomweyo. Zinthu zimavuta pa mabokosi olembamo. Munthu amene akufuna kulemba 120 amayamba ndi 1, kenako 12, ndipo pulogalamu ikamatenga chilembo chilichonse ngati lamulo, kwa kanthawi idzakhala ikugwira ntchito ndi nambala imene munthuyo sanaifune. Ngati nambalayo ndi ya masiku amene makope akale a kaundula ayenera kusungidwa asanafufutidwe, mukhoza kuona nokha ngozi imene ingagwe pa 1 uja. Pa chifukwa chimenechi zolembedwa zimatengedwa munthu akachoka m'bokosimo kapena akadina Enter, ndipo ngakhale apo pulogalamu iyenera kuona kaye ngati zili zomveka. Zimavutanso kwambiri pa zinthu zodalirana, monga adiresi ya seva (kompyuta ina imene pulogalamu imalumikizana nayo), dzina lolowera ndi pasiwedi, zomwe zilibe tanthauzo mpaka zonse zitakwanira. Ngakhale mafoni amene mnzanu akuwatchula amaika batani losunga kapena lolumikiza pa zinthu zotere, ndipo aliyense amene analembapo pasiwedi ya Wi-Fi analidinapo.

Mukasankha njira yachiwiriyi, musasiye OK kapena Cancel pansi pa zenera pofuna kuti lioneke lachizolowezi. Pakhale potsekera pokha. Samalaninso ndi maonekedwe a zida zimene mukugwiritsa ntchito, chifukwa swichi yotsetsereka ija anthu anaizolowera kuti imagwira ntchito nthawi yomweyo ngati swichi ya magetsi, pamene kabokosi kochongamo kamalola kudikira batani lovomereza. Kuika swichi pa zenera lokhala ndi OK ndi njira yachidule yopangitsa munthu kutseka zenera akuganiza kuti zatheka.

Za pulogalamu yanu, ine ndingagawe makonzedwe anu pawiri potengera kulemera kwake. Zamaonekedwe, monga kukula kwa zilembo, mitundu ndi mizati imene ikuoneka pa mndandanda wa katundu, zikhale zosintha pompopompo pa zenera lopanda mabatani ovomereza. Zinthu zolemera, monga malo osungira kaundula, mmene mitengo imawerengedwera ndi anthu ololedwa kulowa, chilichonse chikhale ndi kazenera kakekake kotseguka kuchokera pamenepo, kokhala ndi mabatani awiri okha, lina lotchula ntchito imene lichite ndi lina la Cancel. Uku si kusakaniza njira ziwiri zija, chifukwa zenera lililonse likutsata njira imodzi ndipo malire ake akuoneka ndi maso. Ngati mulibe nthawi yomanganso zonsezi, OK ndi Cancel oona mtima pa zenera lomwe muli nalo ndi okwanira ndithu.

Pali gulu lina la zosintha limene OK wamba sakwanira, ndipo ndi lomwe limandisangalatsa kwambiri chifukwa nzeru yake ndi yosavuta koma yakuya. Ndi zosintha zimene zikalakwika zimamulanda munthu njira yokonzera cholakwikacho. Mukasintha kachulukidwe ka timadontho ta pa sikirini pa Windows, kompyuta imakufunsani ngati mukufuna kusunga maonekedwe atsopanowo, ndipo mukapanda kuyankha m'masekondi 15 imabwerera yokha pa zakale. Chifukwa chake n'chakuti ngati sikirini yada bii, simungaone batani lililonse, choncho kukhala chete kwanu kumawerengedwa ngati kukana. Anthu oyang'anira manetiweki ali ndi nzeru yomweyi. Pa zipangizo za manetiweki za kampani ya Juniper pali lamulo lotchedwa commit confirmed, lomwe limayambitsa makonzedwe atsopano koma n'kuwabweza pakatha mphindi 10 ngati munthu sanatsimikizenso, ndipo pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, lamulo la netplan try limadikira masekondi 120. Munthu amene akukonza chipangizo chili kutali, n'kudzitsekera yekha kunja ndi adiresi yolakwika, amangodikira kuti chitseko chitsegukenso chokha. Mu pulogalamu yanu, kusintha chilankhulo kapena adiresi ya seva kuli ndi kafungo komweka. Pa seva, chinthu chanzeru ndi kuyesa kulumikiza musanasunge, ndipo kukalephereka musataye adiresi yakale.

Ndikudziwa kuti mukamva zonsezi mudzalakalaka kuika funso loti kodi mwatsimikiza pa chilichonse chooneka choopsa. Timati safunsa anadya phula, koma pulogalamu yofunsa pa chilichonse imaphunzitsa anthu kuyankha osawerenga. Jef Raskin, amene anayambitsa ntchito yopanga Macintosh ku Apple mu 1979, ankatsindika kuti chinthu chimene munthu amachita mobwerezabwereza chimasanduka chizolowezi, moti kudina Fufutani ndi kudina Inde kumakhala kusuntha kumodzi kwa dzanja, ndipo maganizo amafika dzanja litamaliza kale. Windows Vista itatuluka mu 2007 inkafunsa chilolezo pafupipafupi mpaka anthu anatopa nayo, ndipo mu Windows 7 ya mu 2009 mafunsowo anachepetsedwa komanso munthu anapatsidwa mwayi wosankha kuchuluka kwake. Kuyambira pa Windows 8, kutaya fayilo mu Recycle Bin sikufunsanso kanthu pokhapokha munthu atayatsa yekha funsolo, chifukwa fayiloyo imatha kutoledwanso. Gmail inatsata njira yomweyi: m'malo mofunsa ngati mwatsimikiza kutumiza kalata, imaigwira kwa masekondi angapo, mpaka 30 mukafuna, n'kukupatsani batani lobweza. Kulikonse kumene mungathe kupereka njira yobwezera, perekani imeneyo n'kusiya funso. Funso lisungireni zinthu zosabwezeka komanso zochitika mwa apo ndi apo, ndipo litchule chimene chitayike ndi kuchuluka kwake. GitHub, malo a pa intaneti amene olemba mapulogalamu amasungako ntchito yawo, munthu akafuna kufufuta nkhokwe yonse ya pulogalamu, imamuuza kuti alembe yekha dzina la nkhokweyo, ndipo chizolowezi cha dzanja sichingadutse pamenepo. Batani lofufuta kaundula yense mu pulogalamu yanu likuyenera chitetezo cha mtundu umenewu, koma kabokosi ka mitundu ayi.

Pa zenera lanu, malo amodzi amene funso lingakhale loyenera ndi pamene munthu wasintha zinthu zambiri m'masamba angapo kenako n'kudina X, chifukwa anthu ena amadina X pongofuna kuchotsa zenera pamaso osaganiza zotaya ntchito yawo. KDE, yomwe ndi inzake ya GNOME pa Linux, imachita zofanana ndi zimenezi, imafunsa ngati munthu akufuna kusunga kapena kutaya akamachoka pa gawo lomwe wasintha kanthu. Funsolo lisabwere ngati palibe chasintha, ndipo munthu akachonga kabokosi kenako n'kukachotsanso, pulogalamu izindikire kuti kope likufanana ndi zoyambirira.

Mawu a pa mabatani nawonso ndi ofunika kuwaganizira. Pamene anthu a ku Apple ankayesa kompyuta yawo ya Lisa, imene inatuluka mu 1983, batani lovomereza linali lolembedwa Do It, ndipo anaona kuti anthu ena ankalipewa n'kumadina Cancel. Atamufunsa mmodzi mwa iwo, zinadziwika kuti ankawerenga mawu awiriwo ngati liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza chitsiru, ndipo ankadabwa kuti kompyuta ikumutukwaniranji. Batani lija analisintha kukhala OK. Lero OK ndi wabwino pa zenera la makonzedwe wamba, pamene tanthauzo lake ndi loti sungani zonsezi, koma pa funso lililonse lokhudza ntchito inayake, mneni ndi amene amathandiza, chifukwa anthu ambiri amawerenga mabatani okha osawerenga chiganizo cha pamwamba pake. N'chifukwa chake mapulogalamu ambiri anasiya Yes ndi No pofunsa za kusunga fayilo n'kuyamba kulemba Save ndi Don't Save. Batani lolembedwa Samutsani mafayilo limadzifotokoza lokha. Chenjerani makamaka ntchito yofunsidwayo ikakhala yoletsa kanthu, chifukwa funso loti kodi tiletse oda imeneyi, lokhala ndi OK ndi Cancel pansi pake, limasiya munthu osadziwa ngati Cancel aletsa oda kapena aletsa kuletsako. Pamenepo lembani Letsani oda pa batani lina ndi Isiyeni pa linzake.

Za mbali imene OK ayenera kukhala, musataye nazo nthawi yambiri. Windows imaika OK kumanzere kwa Cancel, ndipo Apply amabwera kumapeto. Mac ndi GNOME zimaika batani lovomereza kumanja, ndipo Android inasamutsira batani lovomereza kumanja mu 2011 pamene Android 4.0 inkatuluka. Nielsen analemba za mkangano umenewu mu 2008 n'kulangiza kuti munthu angotsata chizolowezi cha makina amene pulogalamu yake ikuyenderapo, ndipo ine ndikugwirizana naye. Ngati mukulemba ndi zida zolembera mapulogalamu zotchedwa Qt, chida chotchedwa QDialogButtonBox chimasanja mabatani chokha molingana ndi makinawo, inu mukangotchula ntchito ya batani lililonse. Chofunika kwambiri kuposa mbali ndi batani limene limayankha kiyi ya Enter. Pa zenera la makonzedwe limeneli likhale OK, koma pa funso lokhudza kufufuta chinthu chosabwezeka, Enter asagwere pa batani lowonongalo, chifukwa funso likhoza kutulukira munthu ali m'kati molemba ndipo chala chake n'kuvomereza zimene maso sanaone. Batani lowononga litalikirane pang'ono ndi anzake, ndipo musadalire mtundu wofiira wokha posonyeza ngozi, popeza pali anthu ambiri amene salekanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Ngati chosintha china chimafuna kuti pulogalamu itsekedwe n'kutsegulidwanso, lembani zimenezo pambali pa chosinthacho munthu asanachikhudze, ndipo akadina OK mupatseni mwayi wosankha kuyambitsanso tsopano kapena nthawi ina.

Mukamaliza kukonza, yesani chonchi musanabweze pulogalamu kwa anthu anu aja. Koperani fayilo ya makonzedwe n'kuiika pambali. Tsegulani zenera, sinthani kanthu pa tsamba lililonse mwa anayi aja, lowani mu kazenera ka malipoti n'kudina OK wake, dinani batani lobwezera makonzedwe oyambirira, lembani zilembo m'bokosi la nambala n'kudina OK wamkulu kuti uthenga wa cholakwika utuluke, kenako dinani Cancel. Yerekezerani fayilo imene ilipo ndi imene munaika pambali ija, ndipo pasapezeke kusiyana ngakhale kwa chilembo chimodzi. Bwerezani zonsezi potuluka ndi Esc, kenako ndi X, ndipo komaliza tsekani pulogalamu yonse n'kuitsegulanso, chifukwa mapulogalamu ena amasiya fayilo ili bwino pa Cancel koma n'kusunga zosinthazo mu memori ya kompyuta, kenako n'kuzilemba mwakachetechete pamene akutsekedwa.